Tsiku limene apongozi anasuzumira m'diso langa

Kwathu ku Chitala, munthu akakhala pansi nthawi yaitali kenako nkudzuka, sankayenda nthawi yomweyo. Ankayamba waima kaye. Amayi ankatero, amalume ankatero, ine ndi mlongo wanga tinkateronso. Ukadzuka, m'maso munkachita mdima bii ngati wina wakuphimba bulangete kumutu, ndiye unkangoima njo, maso ali chitsegulire, mpaka kuwala kubwerere. Sizinkachedwa, mwina nthawi yongokwanira kumeza malovu katatu. Sizinkapweteka ndipo palibe ankagwa nazo. Pakhomo pathu tinkangoti kudikira maso, moti amayi akakutuma madzi iwe nkuima pomwepo, sankakukalipira, ankadziwa chimene ukuchita. Ine ndinakula mpaka kumera ndevu ndikukhulupirira kuti munthu aliyense pansi pano amadikira maso ake akadzuka.

Ndinakwatira nkhondo yaikulu itangotha, asilikali akubwerera m'midzi ndi majombo awo. Mkazi ndinamupeza kunyanja, m'mudzi wina wa kufupi ndi kwa Maganga, kumene ndinkapita pa njinga ya amalume kukasinthitsa chimanga ndi nsomba. Tsiku loyamba kumuona anandiseka chifukwa cha mmene ndinagwirira mlamba, ndipo ndinabwerera kwathu nditalasidwa chala koma mtima uli myaa. Chaka chisanathe ndinali nditamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya amayi ake, ndili mkamwini. Anyamata a m'mudzimo ankanditcha wakumtunda, poti kusambira sindinkadziwa ndipo m'bwato ndinkakhala ngati thumba la mchere. Sindinkawayankha. Ndinkakawaonetsa kumunda wa mpunga, kumene khasu langa linkasiya onse m'mbuyo.

Apongozi anga anali mayi wamasiye, wamfupi, wowamba nsomba nkumakagulitsa kumtunda. Mawu awo ankamveka kuchokera kuthandala la nsomba mpaka kutchalitchi. Koma ine mawuwo ndinkangowamvera patali, chifukwa masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana, sankalankhulana, sankadyera pamodzi. Akafuna kuti ndiwadulire nkhuni, ankauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo kuseri kwa mpanda ndikumva zonse. Tikakumana panjira, ine ndinkayenera kupatuka, kunjuta m'tchire nditayang'ana kumbali, nkuwomba m'manja pang'onopang'ono mpaka adutse. Mwambowu ndinkausunga ndi mtima wonse, ndipo ndinkadzitama kuti m'mudzi monsemo munalibe mkamwini waulemu kuposa ine.

Zinthu zinayamba kusokonekera mwezi wachiwiri. Ndinkachokera kudambo, khasu paphewa, pamene ndinaona apongozi akubwera ndi dengu pamutu. Ndinapatuka msanga, nkunjuta kuseri kwa chitsamba. Anadutsa, koma anakaima chapafupi pomwepo nkuyamba kucheza ndi mayi wina, ndipo machezawo anatalika, ine ndili chinjutire mpaka miyendo kuchita dzanzi. Nditamva kuti kwachita zii, ndinadzuka nkutembenukira kunjira. Mdima bii. Ndinaima kudikira maso monga mwa nthawi zonse. Kuwala kutabwerera, chinthu choyamba kuona chinali nkhope ya apongozi, pafupi poti ndikanatha kuwakhudza ndi mpini wa khasu. Anali atabwerera kukatenga mpeni umene anaiwala, nkupeza mkamwini wawo ataima m'mbali mwa njira, atawatuzulira maso osaphethira. Ndinaponya khasu nkuthawira m'matope.

Ndinaganiza kuti amvetsa. Kodi iwo sadikira maso? Choncho sindinanene kanthu kwa aliyense, ndipo imeneyo ndiyo inali mphulupulu yanga yaikulu.

Kachiwiri zinachitikira m'tchalitchi. Amuna tinkakhala mbali ina, amayi mbali ina, ndipo Lamulungu limenelo mkulu wa mpingo anapemphera pemphero lalitali kwambiri, lopempherera mvula, odwala, a ku Joni ndi ena onse amene anawakumbukira. Titadzuka pamene tinagwada kuti tiimbe, ine ndinaima ndi mdima wanga, osadziwa kuti mutu wanga wapenya mbali ya amayi, mzere weniweni umene panali apongozi. Anthu anaimba mzere woyamba wonse ine ndili duu, maso ali pa iwo. Kachitatu sindinawayang'ane, koma ndinachita zoposa pamenepo. Ndinatula mtolo wa nkhuni pakhomo pawo, nditawerama nthawi ndithu kumasula luzi, ndiye ndinamva akutsokomola m'nyumba. Pofuna kuthawa asanatuluke ndinayenda osadikira maso, ndipo phazi langa lonse linalowa m'lichero la mpunga wawo wopetapeta.

Madzulo ake mkazi wanga anandipatsa madzi osamba, nkukhala pamwala chapatali, osaseka monga ankachitira masiku onse.

"Kodi amayi anakulakwirani chiyani?" anandifunsa.

"Palibe. Bwanji?"

"Akuti mumawayang'anitsitsa ngati mbuzi imene mukufuna kugula. Kutchalitchi anthu onse anaona. Lero mwawaponderanso mpunga."

"Iwe, ndinkadikira maso basi. Ukufuna ndiziyenda mumdima?"

"Mumdima wake uti? Masana dzuwa lili pamutu?"

Ndinamufotokozera monga munthu angafotokozere mwana kuti moto umawotcha. Iye ananjuta pansi, nkudzuka, nkunjutanso, nkudzukanso, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, akundiwerengera nkhuku zimene zinali pabwalo nthawi iliyonse akadzuka. Pomaliza anagwa pansi ndi phwete. Ine ndinapsa mtima zedi. Ndinamuuza kuti akunama, kuti akugwirizana ndi amayi ake, ndipo ndinasamba madziwo nditamufulatira.

M'mawa mwake ndinapita kugombe kumene amuna ankasoka khoka, nkuyamba kuwafunsa mmodzimmodzi, mochenjera, ngati ndikungocheza. Wina anati mdima amauona akamwa kachasu. Wina anati anauonapo kamodzi atadwala malungo. Mkulu wina wachisilamu amene ankasema bwato anaika kasemasema pansi nati, "Wallahi, mwana wanga, ine ndimagwada ndi kudzuka kasanu patsiku kuyambira ubwana wanga, mdima umenewo sindinakumanepo nawo." Ndinabwerera kunyumba. Ndinali ndi zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti kudikira maso ndi kwa pakhomo pathu pokha.

Apongozi anaitanitsa ankhoswe. Wa mbali yanga anali amalume aja a njinga, munthu wodziwa kuyala nkhani, ndipo anafika atavala jekete ngakhale kunali kotentha koopsa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, apongozi atakhala patali pang'ono ndi amayi anzawo awiri, atatembenukira kumbali. Amalume analankhula bwino kwambiri. Anapepesa za mpunga, anayamikira mudzi wonse, ndipo anafotokoza kuti mwanayu alibe mwano, kungoti maso ake amachedwa kudzuka mwini wake akadzuka. Ndinaona ankhoswe a mbali inayo akugwedeza mutu, ndipo ndinayamba kupuma bwino. Atatha, amalume anadzuka pamphasa kuti akathokoze aliyense pomugwira dzanja. Anatembenukira kumene kunali amayi aja, nkuima njo, maso ali tong'o, molunjika apongozi anga.

"Mwaonatu!" anakuwa apongozi, akuwomba m'manja. "Si mwana yekhayu ayi, ndi mtundu wonse!"

Lero ndikamakumbukira ndimaseka mpaka misozi, koma tsiku limenelo sindinaseke. Mmodzi wa amayi aja anatchula mawu akuti khunyu, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utawatola. Anthu ankaopa khunyu kwambiri, ankati munthu amatengera ukangodya naye mbale imodzi. Uthenga wa apongozi unandipeza kudzera mwa mkazi wanga, iye akulira pounena. Ngati ndi mwano, nditenge khasu ndi mphasa yanga ndizipita kwathu. Ngati ndi khunyu, chimodzimodzi. Mkazi wangayo anali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo kwa ife mwana ndi wa kuchikazi. Ndikanachoka ndekha ndi khasu langalo, mwana nkubadwa ine ndili ku Chitala, nkumakula akundimva ngati mbiri. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Anatithandiza ndi aphunzitsi a sukulu ya mpingo. Anati dokotala wachizungu wa ku boma amabwera nthawi ndi nthawi pa kachipatala kena kamene kanali ulendo wa maola awiri kuchokera m'mudzimo, ndipo sabata yotsatirayo akubwera. Ine ndinati ndipita. Apongozi anati nawonso apita, chifukwa mkamwini akapita yekha akabwerako ndi nkhani yokometsera. Tinanyamuka m'mamawa mwezi wa Okutobala, iwo patsogolo ndi dengu la nsomba zowamba zoti akagulitse komweko, mkazi wanga pakati, ine m'mbuyo kutali ngati sindili nawo.

Dokotalayo anali wamtali, wofiira ndi dzuwa, ndipo ankalankhula kudzera mwa wothandizira wake, bambo wachikuda wovala zoyera amene ankaoneka kuti palibe chimene sanachionepo. Nditafotokoza za mdima wanga, dokotala anandifunsa ngati ndimagwa, ngati ndimachita thovu kukamwa, ngati mutu umandipweteka m'mawa, ngati ndimasanza. Ndinakana zonse. Anandinjutitsa, nkundidzutsa mwadzidzidzi, akundigwedezera zala kumaso. Sindinazione mpaka mdima utachoka. Nditamuuza kuti amayi ndi amalume nawonso amatero, anakweza nsidze nkusangalala ngati ndamubweretsera nkhuku. Wothandizira uja anandidonthezera mankhwala oluma m'maso onse awiri, nkundiuza kuti ndikhale panja mpaka timwana ta m'maso titakula.

Atandiitananso, anandilowetsa m'kachipinda kosungiramo mankhwala nkutseka zenera ndi thumba kuti muchite mdima. Mkazi wanga analowa nane. Apongozi anakhala panja pansi pa zeneralo, atafulatira khoma, khutu lili tcheru. Dokotala anatulutsa kachipangizo konga tochi, kokhala ndi kabowo kosuzumirira, nkuyandikira mpaka mphumi yake kutsala pang'ono kugunda yanga. Anasuzumira diso lamanja, kenako lamanzere, akung'ung'udza zachizungu, ndipo anaitana wothandizira uja kuti naye aone.

Zimene anapeza, wothandizirayo anazifotokoza mokweza dala kuti za panja zimveke. Anati kuseri kwa diso kuli pakhomo pamene mtsempha wochokera ku ubongo umalowera, ndipo mitsempha ya magazi imalowera pomwepo. Mwa anthu ambiri pakhomopo ndi posalala. Mwa ine ndi popanikizika, potukuka, podzaza ndi timibulu tolimba timene ndinabadwa nato. Ndikadzuka mofulumira magazi amayamba atsikira kumiyendo, ndipo pobwerera amachedwa kudutsa pakhomo popanikizikapo, ndiye diso limakhala kaye mumdima kuwadikira. Dokotala anawonjezera kuti waona mtsempha umodzi ukugunda bwinobwino pamenepo, chimene chinamutsimikizira kuti m'mutu mulibe chotupa. Si khunyu, anatero, ndipo munthu sangatengere ngakhale mutamwera chikho chimodzi. Mankhwala ake kunalibe. Anangoti ndizidzuka pang'onopang'ono, ndipo sanandibisire kuti ndikadzakalamba mwina m'mbali mwa maso mudzayamba kuchepa kuona. Sananame, lero chakumanzere kuno munthu amandifika pafupi ndisanamuone, koma kulemba ndikulemba ndekha.

Ine ndinkangofuna kuvina. Koma panja paja panamveka mawu a apongozi.

"Iwe, afunse. Iwowo zimenezi aziona bwanji, munthu ali wamoyo, diso osaling'amba?"

Mkazi wanga anafunsa, ngakhale aliyense anali atamva kale. Wothandizira uja anayankha kuti kachipangizoka kamaunikira m'kati.

"Auze kuti ine ndakhala ndikugula nsomba zaka zonsezi, ndipo sindinagulepo nsomba poti mwini wake wanena kuti ndi yabwino. Ndimaiona ndekha m'maso," anatero apongozi.

Wothandizira anamasulira akumwetulira, ndipo dokotala anaseka mpaka kugwira shelefu ya mabotolo. Kenako ananena mawu ochepa, ndipo wothandizirayo anakweza pang'ono thumba la pazenera nati, "Mayi, akuti bwerani mudzadzionere nokha."

Ndikhulupirira kuti dokotalayo ankangoseka nawo. Mzunguyo sankadziwa chimene akupempha, koma wothandizira uja ankadziwa, ndipo anandiyang'ana ngati akupepesa. Kenako tinamva dengu likuikidwa pansi, chitseko nkutseguka. Mkazi wanga anagwira pakamwa. Ine ndinafuna kudzuka kuti ndithawe, koma dokotala anandikanikiza paphewa, ndipo kachipindako kanalibe kothawira.

"Muwauze ayang'ane kukhoma," anatero apongozi kwa mwana wawo.

"Amayi akuti muyang'ane kukhoma."

"Ndamva," ndinayankha.

Poti anali aafupi, sanavutike kuwerama. Dokotala anawagwiritsa kachipangizoko, nkuika dzanja lawo lina pamutu panga kuti ndisagwedezeke. Dzanja la apongozi pamutu panga! Ndinamva fungo la utsi wa nsomba pa nsalu yawo ndi mpweya wawo patsaya langa. Kuwala kunalowa m'diso.

"Palibe chilichonse," anatero. "Kukungofiira basi, ngati m'kati mwa papaya."

Dokotala anawasuntha dzanja pang'ono, nkuwayandikizitsa. Apongozi anayesa kawiri, katatu, akudandaula kuti mzunguyu akuwanamiza. Kenako ndinamva zala zawo zikulimba pamutu panga.

"Mayo! Timitsinje!"

Anaiwala zonse. Anaiwala dokotala, anaiwala kuti diso limene akusuzumiralo ndi la mkamwini. Anayamba kufotokozera mwana wawo mokweza ngati ali pagombe, kuti muli timitsinje tofiira tambirimbiri, tina tonenepa tina toonda ngati ulusi, tonse tikuchokera pamalo amodzi. Wothandizira anawauza kuti atsatire kamtsinje kamodzi mpaka kumene kakuchokera, ndipo atapafika anati pamenepo mpoyera, pali timibulu ngati mazira a nsomba.

"Ndiye magazi onsewa azidutsa apa? Popanikizika chonchi?"

"Eya, mayi," anatero wothandizira.

"Aaa, nchifukwa chake." Anali akadali chisuzumire. "Musaphethiretu inu, ndisanathe."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba amene apongozi anandilankhula ine mwini, popanda wodutsiramo. Sindinaphethire, ngakhale misozi inkatsika ndi kuwala kuja. Anapempha kuona diso linalo, ndipo dokotala anachita kuwalanda kachipangizoko chifukwa panja panali mzere wa odwala.

Titatuluka, apongozi anavundikira mutu ndi nsalu, nkusenza dengu lawo, ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo nkupeza kuti walankhula zambiri. Anakagulitsa nsomba zawo pansi pa mtengo, nkugula mchere. Za khasu ndi mphasa yanga sanatchule, kaya ndikhala kaya ndichoka, ndipo ine ndinalibe pofunsira.

Vuto linanditulukira panjira. Mankhwala aja anali atasiya timwana ta m'maso tili tambasu, ndipo dzuwa la Okutobala linali pamutu penipeni, mchenga wa m'njira uli mbee. Sindinkatha kutsegula maso. Ndikatsinzina ndinkapunthwa, ndikapenya ankandibaya ngati singano. Ndinayenda choncho m'mbuyo mwawo, dzanja pamphumi, mpaka ndinalowa m'chitsamba cha minga nkukuwa. Mkazi wanga, amene tsopano anali atasenza dengu la mchere, anabwerera kuti adzandigwire dzanja.

"Iwe uli ndi katundu awiri kale," anatero apongozi. "Pita patsogolo."

Ndinamva mapazi akubwera, kenako dzanja louma, lokhakhala ndi ntchito, linandigwira pamkono. Anandizula m'mingamo, nkundiuza kuti nditsinzine ndithu, za njira azione ndi iwo. Tinayenda choncho ulendo wonse wotsalawo, iwo akundiuza kuti apa pali muzu, apa kwezani phazi, apa pali ndowe. Atazolowera anayamba kundifunsa za amayi anga, ngati nawonso amaima chonchija akadzuka pamtondo, ndipo nditavomera anaseka, nati tsiku lina adzapite akawaone. Ine ndinkayankha mwaulemu, maso ali chitsinzinire, mtima ukuvina ngati kamwana.

Ndinkayembekeza kuti tikamayandikira mudzi andisiya. Sanandisiye. Ndinadziwa kuti tafika nditamva fungo la usipa wa pathandala, kenako misi ya amayi amene ankasinja inaleka kugunda umodziumodzi, ana nawonso nkusiya phokoso. Wina anati "Ha!" chapansipansi. Apongozi anaima pakati pa bwalo, dzanja lawo lili pamkono wanga.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero ndi mawu awo aja ofika kutchalitchi. "Ndamuona ndekha mpaka m'kati, mulibe khunyu, mulibe mwano. Ndi mwana wanga uyu. Wina abweretse mpando, mwanayu watopa."

Anabweretsa mpando, ndipo anandikhazika pakhonde pa nyumba yawo, pamthunzi.